Kamera yakale ikalimba, osaikakamiza

Fashoni yabwerera, anzanga. Makamera a filimu amene anali kugona mu masutikesi a makolo, manje anyamata a mu Kapata na Mchini ayamba kuwakoleka m'khosi. Koma dandaulo limene nimvera maningi ni limodzi: liva yopititsa filimu yalimba, siyenda. Langizo langa ni ili: chala chanu chili na mphamvu kupambana magiya a mkati. Mukakakamiza, mudzang'amba filimu olo kuthyola dzino la giya, ndipo sipeya yake simudzaipeza pa Down Shops.

Ine nisewenzetsa Pentax K1000 ya amalume, amene kale anali kuzungulira makomboni pa njinga kukopa anthu pa Sande. Mtundu uyu unayamba kupangidwa mu 1976, unasiya mu 1997. Amalume ananiphunzitsa kuti liva ikakana, uyambe wafunsa kamera mafunso.

Loyamba: kodi filimu yatha? Yang'anani kawindo ka manambala. Ngati kaonetsa 36, olo 24 pa filimu yaifupi, palibe chaonongeka. Dinani kabatani ka pansi, mubweze filimu mu kachitini kake.

Lachiwiri: kodi munakoka kale liva? Kamera siilola kukoka kawiri musanakope. Dinani shata. Onaninso self-timer, chifukwa ikaimira pakati imamanga zonse.

Lachitatu ni batire. Pa K1000 batire ni ya mita ya kuwala chabe, shata iyenda olo yafa. Koma Canon AE-1, imene inatulukanso mu 1976, siikopa popanda batire ya 6V. Shata ikapanda kulira, liva nayo iima. Ambiri aganiza kuti kamera yafa, kansi ni batire chabe.

Vuto lina ni lakachetechete, ndipo ndiye lopweteka. Liva iyenda bwino, manambala akwera, koma filimu siinagwire pa sipulu. Mutha kukopa Nc'wala yonse ku Mtenguleni, impi zivina, Nkosi yamakosi Mpezeni alawa zipatso zoyamba, koma potsuka filimu ituluka yopanda kanthu. Ndipo Nc'wala ibwera kamodzi pa chaka, Chiweru chothera cha February. Mboni yanu ni kogwirira ka kumanzere kobwezera filimu. Mukatseka kamera, kazungulutseni pang'ono kutsata muvi mpaka filimu ikungike. Manje kokani liva. Kakazungulira kokha, filimu iyenda. Kakangokhala phee, siinagwire. Nthawi zina ni kabatani ka pansi kaja kamene kakanirira mkati, ndiye mano okoka filimu angozungulira chabe.

  

Ngati filimu yaduka mkati, osatsegula chitseko pa dzuwa. Kuwala kwa sekondi imodzi kutha kupsereza zithunzi za ukwati wa mlongo wanu. Dikirani usiku, zimani magetsi, foni ikhale kutali, lowani mu bulangeti, muchotse filimu na manja, muike mu kachitini kakuda kosalowa kuwala.

Zonse izi zikalephera, kambiri ni girisi wakale amene wauma na kusakanizika na fumbi lathu la October. Apa saladi na mafuta a njinga ziikeni kutali, zikafika pa shata mwaipha. Funani amdala amene anasewenzapo mu studio, muwafikire mwaulemu: "Atate, tithandizeni kuona kamera iyi." Iwo aimva na khutu ngati makanika amvera injini.

Filimu niyodula ndipo siipezeka paliponse. Sungani imodzi yoonongeka yoyesera: ikani, kokani, dinani mpaka 36 chitseko chili chotsegula, muone na maso mwamene mano agwirira. Chitani zimenezi sabata ino, osati m'mawa wa mwambo muli kale mu minibasi.