Mmene Tinaphunzirira Kulumikiza Mapaipi

Ine ndinabadwira m'mudzi wina kunsi kwa phiri la Mulanje, ca ku Phalombe. Pa ubwana wanga amai anali kulawira tambala woyamba kukatunga madzi pa citsime ca m'dambo, ndipo pofika mwezi wa October citsimeco cinali kusanduka matope okhaokha. Komatu m'phirimo mitsinje inali kuyenda caka conse, ife tikuiona ndi maso.

M'caka ca 1968 anthu a ku Chingale, m'boma la Zomba, anakumba ngalande ndi makasu ao naikamo mapaipi, ndipo madzi a m'phiri anatsika okha kufika m'midzi popanda injini. Patapita zaka zingapo nchitoyi inafika kwathu, koma akuluakulu anaikana. Iwo anati, "Kukumba kopanda malipiro ndiye thangata." Ine sindiwadzudzula ai, pakuti ena mwa iwo anali atagwirapo thangata m'minda ya azungu. A Boma sanakangane nao. Anangotenga mafumu pa galimoto kukawaonetsa mipopi ya m'midzi ina. Ndipo atabwerako, anyakwawa athu ndiwo anayamba kugwira khasu.

Anatitumizira kapitao mmodzi, mnyamata wolembedwa nchito ndi Boma. Iye anali kulandira malipiro, ife ai, ndipo poyamba cimeneci cinatiwawa. Koma tinaona kuti iye ndiye anali kuyamba kufika ndi kutsiriza kuweruka. Tsiku lina anatiuza kuti nayenso anacita kuphunzitsidwa, osati za mapaipi zokha, komanso kulankhula pa bwalo la mfumu mwaulemu.

Mudzi uli wonse unali ndi tsiku lace ndi cigawo cace. Anatipatsa ndodo yoyesera kuya kwa ngalande, natiuza kuti ticotse mwala uli wonse pansi pace, cifukwa mwala umaboola paipi dothi likaipsinja. Kenaka anasankha ife anyamata anai kuti tiphunzire kulumikiza: kupukuta nsonga zonse ziwiri, kupaka guluu, kulowetsa, ndi kugwira osagwedeza kufikira zitagwirana.

Ine ndinali wothamanga mtima. Madzulo ena, pofuna kukaonera mpira, ndinalumikiza paipi osapukuta mcenga. Tsiku lotsegula madzi, anthu atasonkhana ndipo amai atayamba kale nthungululu, madzi anatumphuka pamalo panga penipeni. Manyazi anandigwira, ndinafuna kulowa pansi. Kapitao uja sanandikalipire. Anandipatsa sowo nati, "Acimwene, dulani pamenepa, mulumikizenso. Ine sindigwirako." Ndinadula manja akunjenjemera, mudzi wonse ukupenya. Nditatha, iye anaitana amai awiri a m'komiti ya mpopi nati, "Tsopano aonetseni awa cimene cinalakwika." Masiku amenewo ndinayesa kuti anali kundilanga. Ndinazindikira bwino iye atasamutsidwa, pamene paipi inaphulika koyamba ife tiri tokha, ndipo panapezeka anthu atatu odziwa cocita.

Ndinakhala m'gulu lokonza mapaipi zaka zambiri. Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu March 1991, tinaika maliro, kenaka tinafukula mapaipi athu m'matope ndi kuwalumikizanso.

Koma pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Cimene kapitao anandicitira ine, sindinacitire wina. Mpopi ukaonongeka ndinali kupita ndekha, cifukwa kuphunzitsa kumacedwetsa, ndiponso, kunena zoona, ndinali kukondwa kumva anthu akuti popanda ine madzi sangatuluke. Anzanga aja anamwalira mmodzimmodzi. Namondwe wa Freddy atakokolola mapaipi mu March 2023, anyamata amphamvu anangoima m'mbali mwa ngalande manja ali m'khosi, ndipo akazi anabwerera ku dambo lija la amai.

Maso anga tsopano ndi ofooka, ndipo zala sizigwira bwino. Mapaipi atsopano atabwera, ndinapempha kuti andinyamulire mpando kufika pa ngalandepo. Mdzukulu wanga wamkazi ndiye anayamba kutsikiramo. Anapaka guluu msangamsanga, nalowetsa, nandiyang'ana akumwetulira.

Ndinamfunsa kuti, "Kodi mcenga unapukuta?"

Iye anakhala cete. Ndinampatsa sowo, ndipo ndinaitana anzace awiri kuti ayandikire.