Mame Amene Sadakamuke

Namondwe wa Freddy atafika mu mzinda wa Blantyre m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, mvula idagwa usana ndi usiku osaleka, mpaka phiri la Soche lidakhetsa matope ndi miyala zimene zidakwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ake. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, mazana ena sadapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Nyumba yathu, imene ili cha kumunsi kwa phirilo, idapulumuka. Madzi adangolowa m'khitchini ndi kunyowetsa makala. Dzuwa litayamba kuonekanso, mwana wanga wamkazi adapeza kanthu kakunjenjemera kuseri kwa matumba a makalawo. Kadali kamphaka, thupi lonse matope okhaokha, nthiti zikuwerengeka, m'khosi muli kansalu kofiira kong'ambidwa ku chitenje.

Kansaluko ndiko kadandisowetsa mtendere. Mphaka wobadwira kudzala savala kanthu m'khosi; alipo munthu amene adakhala pansi nang'amba chitenje chake kuti akongoletse chiweto. Ndiponso mkazi wanga atayamba kupala mpoto ndi sipuni, kamphakako kadadzuka ndi kulunjika kumene kunkachokera phokosolo, kusonyeza kuti kadazolowera kudyetsedwa ndi anthu. Ndidapita ku sukulu ina kumene kudali msasa wa anthu othawa matope kuti ndikafunse za mwini wake. Ndidapeza amayi akufunsana za ana awo amene sadaoneke. Ndidafunsa munthu mmodzi yekha, monong'ona, ndipo ndidabwerera ndili ndi manyazi.

Pakhomo pathu padali kale amphaka awiri. Wamkulu ndi Phulusa, wamkazi wotuwa, amene tidamutenga zaka 8 m'mbuyomo chifukwa cha makoswe amene ankaboola matumba a chimanga. Winayo ndi Chigumu, mwana wake wamwamuna, mlesi wa mtundu wa chigumu chopsa bwino. Awiriwa adali atagawana nyumba mwadongosolo: Phulusa mpando wanga wa pabalaza, zenera la kum'mawa ndi kunsi kwa bedi lathu, Chigumu khonde ndi pamwamba pa mpanda. "Abambo," adatero mkazi wanga, "usipa wakwera mtengo, ndipo odya alipo kale awiri. Wachitatuyu mumudyetsa chiyani?" Titakasambitsa kamphakako ndi madzi ofunda tidaona kuti ndi mphaka wamkazi, wakuda bii, koma ana adamutchabe Matope. Agogo ena oyandikana nafe atamuona adandiitanira pambali. "Mwanangu, mphaka wakuda wobwera yekha nthawi ya maliro ngati ino, mwamufunsa amene wamutuma?" Sindidawaseke, pakuti sabata imeneyo aliyense ankafunafuna gwero la tsoka limene lidatigwera. Ndidangowaonetsa kansalu kaja.

Mantha anga adali pa chiwewe. Ambiri amayesa kuti ndi matenda a agalu okha, chikhalirecho mphaka naye amawatenga ndi kupatsira munthu pomuluma kapena pomukanda, ndipo zizindikiro zikaoneka palibenso mankhwala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu a mu Blantyre katemera mwaunyinji, ndipo ana anga adaphunzira kusukulu kuti bala la kulumidwa limatsukidwa ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15. Tidapita naye Matope kwa dokotala wa ziweto, amene adamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, namubaya katemera, natiuza kuti timutsekere m'chipinda chayekha kwa masabata awiri, ana asamuseweretse. Tikutuluka adawonjeza kuti: "Za matendazi tithana nazo, bambo. Mlandu waukulu muli nawo ndi eni nyumba aja."

Adandifotokozera kuti mphaka woweta ndi mdzukulu wa vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, nyama imene imasaka yokha ndi kulondera dera lake. M'masaya mwa mphaka mumatuluka fungo, ndipo akamadzikhula ku miyendo ya tebulo kapena ku mwendo wa munthu amakhala akuika chizindikiro choti pano ndi pake. Nyumba imene ife timaidziwa ndi maso, iye amaidziwa ndi mphuno. Kwa iye fungo lachilendo m'nyumba lili ngati chikhomo chimene munthu wina wadzazika usiku pakati pa munda wako.

Phulusa adachitadi monga mwini munda. Usiku woyamba adauchezera pa chitseko cha chipinda cha mlendoyo, ubweya utaima, makutu atagona, akutulutsa mpweya ngati njoka yopondedwa. Tsiku lachitatu adaleka kudya. M'mawa mwake adakodzera nsapato zanga, chinthu chimene sadachitepo chiyambire. Kenaka adakanda Chigumu, mwana wake yemwe, popanda chifukwa, nasamukira pa denga la bafa la panja. Ndidamuitana usipa uli m'manja. Adandiyang'ana kwa kanthawi natembenuka. Pamenepo ndidazindikira kuti amene ankatamandidwa ndi ana kuti ndi wachifundo ndidali ine, koma amene ankalipira chifundocho adali Phulusa, ndipo palibe adamufunsa.

Maso amenewo ndidawaonapo kale. Mayi anga adamwalira mu 1992, chaka cha chilala chimene tidadya nsima ya chimanga chachikasu. Ndidali ndi zaka 9. Mwa mwambo wathu wa Achewa mwini mbumba ndi malume, choncho malume adabwera kumudzi ku Dedza nanditenga kupita nane ku Ndirande, m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene mudali kale ana anayi. Mudzi wonse udawayamikira malume. Palibe adayamikira msuweni wanga, mnyamata wa msinkhu wanga, amene adauzidwa madzulo omwewo kuti mphasa yake, bulangete lake ndi mbale yake tsopano ndi za anthu awiri. Usiku ankakoka bulangete lonse, masana ankandibisira pensulo, ndipo tsiku lina adandifunsa pamaso pa anzake kuti: "Iwe, kwanu upita liti?" Malume adamukwapula, ine ndikuonerera mokondwa. Kwa zaka 30 ndidamusunga mumtima ngati munthu wouma mtima.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umalimbikitsa mwini nyumba kuti apirire, popeza dzuwa likakwera mlendo anyamuka. Sunena kanthu za mlendo amene alibe kobwerera, kapena za mwana amene wauzidwa kuti asendere kukhoma osamuuza kuti mpaka liti. Ndili chiimire pansi pa denga la bafa lija, ndidayamba kuona nyumba ya ku Ndirande ndili mbali ina ya mphasa.

Ndidaleka kumukalipira Phulusa, ndipo ndidayamba kutsata malangizo a dokotala uja mwachifatse. Ndinkatenga kansanza ndi kupukuta masaya a Matope, n'kukasiya pafupi ndi pogona pa Phulusa. Kansanza kena kankayenda ulendo wobwerera. Mbale ndidaziika mbali ziwiri za chitseko chotseka, poyamba kutali, kenaka n'kumazisendeza pang'onopang'ono, kuti fungo la mlendo lizibwera limodzi ndi fungo la usipa. Masana ena tinkatulutsa eni nyumba panja kuti Matope ayendere zipinda, ndipo madzulo eni nyumbawo ankanunkhiza mmene wapondamo. Patapita masabata atatu tidatsegula chitseko pang'ono, titachiika mwala, kuti aonane ndi maso okha. Lamulo lidali limodzi: Phulusa adye poyamba, ndipo mpando wa pabalaza usakhudzidwe. Aliyense adali ndi mbale yakeyake, motalikirana. Mkazi wanga ankandiseka. "Abambo, ngakhale a mitala sayendetsa pakhomo chonchi." Koma ndi iye yemwe amene ankabwera ku msika ndi kamulu kena ka bonya, osanena kanthu. Matope atanenepa tidabwerera naye kwa dokotala kuti amupange opaleshoni yoti asabereke, pakuti mphaka amakhala ndi bere masabata 9 okha ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Chifundo chathu sichikadakwanira ana ake.

Sindinganame kuti onse adakondana. Chigumu adagonja msanga, ndipo masiku ano amathamangitsana ndi Matope pa mpanda. Agogo aja nawo, ataona kuti makoswe achepa m'khitchini mwawo, adayamba kusiya mitu ya nsomba patsinde pa mpandawo, ngakhale dzina la mphakayo salitchula. Koma Phulusa sadamunyambitepo Matope ngakhale kamodzi. Akakumana pakhomo aliyense amayang'ana kumbali. Zenera la kum'mawa amasinthana: Phulusa dzuwa likamatuluka, Matope iye akatsika. Kunsi kwa bedi lathu, kumene Phulusa ankagona chiyambire, sadabwerereko kuchokera tsiku limene adapezako ubweya wakuda. Adataya gawo la nyumba yake, ndipo palibe usipa umene ungamubwezere.

Kumapeto kwa chaka chomwecho ndidapita ku Lilongwe kukaona msuweni wanga uja, amene tsopano ali ndi imvi ndi ana akeake. Titadya, ndidamusimbira za amphaka atatuwo, iye akuseka. Kenaka ndidati: "Msuweni, bulangete lija lidali laling'ono eti?" Adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana m'kapu. "Lidali la mwana mmodzi," adatero. "Bambo adandigulira nditakhoza mayeso a Sitandade 2. Ndidafundamo ndekha masabata awiri basi." Zimenezi sindinkazidziwa. Ndidamuthokoza, mawu amene adachedwa zaka 31, ndipo iye adakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche, nandithirira tiyi wina. Tikutsanzikana pa siteji ya minibasi adandifunsa ngati mwini wa mphakayo adapezeka. Ndidamuuza kuti ayi. Kansalu kofiira kaja ndidakachapa, ndipo kali m'kabati mmene timasungamo makadi a kuchipatala a ana, kuti wina akadzagogoda pakhomo kudzafunsa ndidzakhale ndi chomuonetsa.