Zofunkha za pa lamya zadanitsa abwenzi m'Chawama

M'komboni ya Chawama, pafupi ndi msewu umene mabasi ang'onoang'ono amadzera popita ku tauni, muli kanyumba ka malata kometeramo tsitsi. Mwini wace ndi bambo wa zaka 36 wocokera ku Katete, amene anadza mu Lusaka ali mnyamata kudzafuna nchito. Anthu a m'deralo amdziwa monga wometa wa dzanja lofewa. Koma kuli anthu ena 30, obalalika m'Kanyama, Matero, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndi awiri okhala ku Johannesburg, amene amdziwa monga mfumu yao. Ufumu wace uli m'kati mwa lamya ya m'manja, m'masewera ochedwa Clash of Clans. Owerenga ena adzaseka pakumva zimenezi, komatu ufumuwo unamsowetsa tulo milungu itatu m'caka ca 2024, ndipo unatsala pang'ono kumtayitsa bwenzi lace la zaka khumi.

Masewerawa anapangidwa ndi kampani ya Supercell ya ku Finland m'caka ca 2012. Munthu amamanga mudzi wace, nakumba golide, naphunzitsa asilikali, kenaka napita kukathira nkhondo midzi ya ena ndi kufunkha cuma cao. Anthu ofika 50 angathe kupangana nakhala gulu limodzi lobwerekana asilikali ndi kumenyera pamodzi. M'makomboni akondedwa cifukwa amayenda ngakhale pa lamya yochipa. Kuyambira m'caka ca 2018, kuciyambi kwa mwezi uliwonse kumakhala mpikisano wa magulu asanu ndi atatu, ndipo amamenyana masiku asanu ndi awiri. Womenya aliyense ali ndi mwai umodzi wokha pa tsiku, ndipo akagumula mudzi wonse wa adani amapata nyenyezi zitatu. Pamapeto pamabwera mamendulo, amene munthu angagule nao nyundo yotsirizira nthawi yomweyo cimango cimene cikanatenga masiku ambiri.

Mamendulo ambiri amagawidwa ndi makina eni ace molingana ndi nyenyezi za munthu, ndipo pamenepo palibe wokangana, pakuti makina alibe mlamu. Koma pali mphoto zina zapadera, zowerengeka, zimene zimaonjezeka gulu likapambana nkhondo, ndipo izi zimaikidwa m'manja mwa mtsogoleri ndi omthandiza ace kuti apatse amene afuna. Apa ndipo panagona mlandu.

Caka ca 2024 cinali ca cilala coopsa, cimene Boma linacilengeza m'mwezi wa February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'Kariba, ndipo malaiti anali kuzima maola ambirimbiri pa tsiku. Kwa wometa tsitsi, ici cinali kutha kwa malonda, cifukwa makina ace anali odalira magetsi. Kwa gulu lace, cinali kutha kwa nkhondo, pakuti lamya yozima siimenya. Amene anawapulumutsa ndi mnzace wa ku Kanyama, mwini kantemba kogulitsa mafuta ophikira, sopo ndi makandulo, amene anali ndi sola pa denga ndi batire yaikulu pansi pa thebulo. Masiku a mpikisano, malamya a anzace anali kundanda pa shelefu pakati pa mabotolo a mafuta. Anthu ena anali kulipira kuti achajitse, koma a m'gulu sanali kulipira ngakhale ngwee imodzi. Iye mwini sanali katswiri wa nkhondo ai. Zala zace n'zazikulu, ndipo kawirikawiri anali kumenya kwinaku akupimira mai wina mafuta, motero nyenyezi zace zinali zocepa.

Mwezi wina m'cakaco gululo linapambana nkhondo zisanu mwa zisanu ndi ziwiri, ndipo mphoto zapadera zinali zisanu ndi ziwiri, pamene anthu amene anamenyako mosinthana anali 20. Wometa uja anakhala pa benchi yace usiku, kandulo ikuyaka, nagawa zisanu ndi imodzi kwa amene anacita bwino koposa. Palibe akanatsutsa zimenezo. Yotsalayo anaisunga kanthawi cala cili m'mwamba, kenaka anaipereka kwa mwana wa mlongo wace, mnyamata wa zaka 19 wokhala ku George, amene anali atagona osamenya masiku awiri athunthu.

Cifukwa cace cinalipo. Mnyamatayo anali atangolephera mayeso, nchito inalibe, ndipo masewerawo ndiwo okha anali kumseketsa. Kwa Acewa, malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo akagwa, woyamba kumdzutsa ndi malume. Wometayo anaona kuti akucita cimene analeredwa naco. Anaiwala kuti m'masewerawa zonse zimaonekera poyera: amene wamenya, amene wagona, ndi amene walandira.

Kutaca, a m'gulu anali atalembalemba mau aukali. Kondakitala wina wa mabasi a ku Matero ndiye anayamba, nafunsa ngati gululo lasanduka munda wa banja. Wa ku Kanyama sanalembe kanthu. Pofika masana anali atacoka m'gulumo, ndipo anthu asanu anamtsatira.

Munthu wosasewera angafunse kuti kodi amuna a ndebvu, ena a ana atatu, angadane bwanji cifukwa ca mamendulo amene sangagule ngakhale kapu ya mcere? Koma mudzi wa pa lamya umamangidwa zaka, ndi ndalama za bandulo zimene zikanagula ndiwo, ndi tulo timene munthu wadzimana. Ndiponso cimene cimawawa si mendulo yeniyeniyo. Pogawa, mtsogoleri amaonetsa pamaso pa onse amene ali wofunika kwa iye ndi amene sali. Bambo wa ku Kanyama anali atatsegula kantemba kace m'mamawa ndi usiku miyezi yambiri cifukwa ca anzace, ndipo tsiku logawa anapezeka kuti ali pambuyo pa mnyamata wogona.

Tsono mlandu unatuluka m'lamya nulowa m'thumba. Amuna khumi a m'gululi anali ndi cilimba, monga cimene amai a pa msika wa Soweto amacita: aliyense anali kuponya K100 Loweruka lililonse, ndipo mmodzi anali kutenga zonse. Atatu mwa ocoka aja anali m'cilimbamo, ndipo anatumiza mau akuti munthu wokondera pogawa zinthu za masewera sangasunge ndalama zenizeni. Wolandira wotsatira anali wometa yemweyo, amene anali atawerengera K1,000 imeneyo kuti agule makina ometera a batire. Loweruka linafika, ndalama zinabwera zopereweza.

M'masiku amenewo, atakhala pakhomo popanda womumeta, anayamba kukumbuka agogo ace a ku Katete ndi nkhani zao za uzimba. Amuna akabwera ku chire ndi nyama, sinali kugawidwa mwacisawawa. Wolasa poyamba anali ndi ciwalo cace codziwika, mwini agalu anali ndi cace, onyamula anali ndi cao, ndipo mfumu inali kulandira gawo lace ngakhale sinapiteko. Kale, njobvu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Kaya lamulolo linali labwino kapena ai, aliyense anali kulidziwa asanatenge mkondo, ndipo wogawa anali kungotsata. Wometayo anaona kuti iye anali atatsogolera anthu ku uzimba zaka zinai popanda kuwauza kuti mwendo ndi wa yani. Miyezi yonse yapitayo zinali kuyenda cifukwa ca mwai cabe.

Tsiku la Sabata anakwera basi ya ku Kanyama atanyamula nkhuku yoyera m'thumba la pulasitiki, mutu uli kunja. Anapeza mnzace akukonza mawaya a batire. Anaima pakhomo, nabvula kapu yace.

“Acimwene, ndabwera ndi mlandu wanga. Ndinalakwa.”

Mnzaceyo anayang'ana nkhukuyo nthawi yaitali. Kenaka anati, “Khalani pansi, acimwene. Ine mamendulo sindinawafune. Mudzi wanga ngwaung'ono, ndikanacita nao ciani? Mukanawapatsa kondakitala uja kapena wina aliyense womenya bwino, ndikanaomba m'manja. Koma munandionetsa kuti mwa inu muli mzere wina umene ife sitiuona.”

Nkhukuyo inaphikidwa tsiku lomwelo, ndipo anadya onse awiri. Koma wa ku Kanyama anakana kubwerera m'gulu kufikira patakhala lamulo lolembedwa.

Msonkhano unacitikira ku Mtendere, pa nyumba ya mphunzitsi wina wa m'gulumo, amene anasewerapo masewera akuluakulu a pa kompyuta pamene anali pa koleji. Iye anawauza kuti bvuto lao si lacilendo. M'masewera a World of Warcraft, amene anatuluka m'caka ca 2004, anthu 40 anali kusonkhana maola angapo kuti aphe cilombo cimodzi, ndipo cikafa cinali kusiya zida ziwiri kapena zitatu zokha. Magulu ena anali kucita maere, makina nasankha nambala pakati pa 1 ndi 100, wopambana natenga. Ena anali kusankha akulu ocepa kuti aziweruza amene ayenera kulandira. Ndipo ena anatsata njira imene inayambira m'masewera a EverQuest m'caka ca 1999, yochedwa Dragon Kill Points: munthu aliyense wofika pa nkhondo amalemberedwa mapointi, ndipo cida cikagwa amacigula ndi mapointi ace, nayambanso kusonkhanitsa.

Njira ya maere inakanidwa msanga, pakuti ingapatse waulesi kawiri motsatizana. Njira ya akulu oweruza ndiyo imene inali itangowaotcha kumene. Ya mapointi inawakomera, ndipo mmodzi ananena kuti imeneyo ndi cilimba comwe, kungoti wofulumira kuponya ndiye afulumira kulandira.

Pa mfundo zina anamvana mosabvuta. Womenya nkhondo yace pa tsiku alandire pointi imodzi, kaya wapata nyenyezi zitatu kapena imodzi, cifukwa makina anamlipira kale katswiri pa nyenyezi zace. Wogona osamenya, popanda kudziwitsa anzace dzulo lace, acotseredwe ziwiri. Wobwereka anzace asilikali ambiri m'mwezimo aonjezeredwe. Wolandira mphoto, mapointi ace afafanizidwe ayambenso pansi. Ndipo mtsogoleri asakhudze konse dzina la m'bale wace. Limenelo aone omthandiza.

Pamene panatenga nthawi mpaka dzuwa kupendeka ndi pa nkhani ya sola. Mphunzitsi anafuna kuti wochajira anzace malamya azilemberedwa mapointi. Kondakitala wa ku Matero anakana kwamtuwagalu. Iye anati akatsegula khomo limenelo, mawa wina adzafuna mapointi cifukwa anagulira mnzace bandulo, wina cifukwa anapereka mpando wa msonkhano, ndipo pomaliza wolemera adzagula mphoto zonse osamenya nkhondo. Mau ace anali ndi nzeru, ngakhale anawanena mokalipa monga ali pa sitesheni. Ena anamuyankha kuti popanda batire ya ku Kanyama sipakanakhala nkhondo zisanu zopambana, ndipo mwini agalu sanali kubwera cimanjamanja ku uzimba. Anthu anagawikana pakati, ndipo akanabalalika osamvana mwini sola akanapanda kuimirira. Iye anati magetsi ace sagulitsa kwa abale, ndipo safuna pointi iliyonse pa iwo. Anapempha cinthu cimodzi cokha: kuti pa tsiku logawa, mtsogoleri azichula maina a onse amene anathandiza gulu kunja kwa nkhondo, asanapereke mphoto yoyamba. Anabvomera onse, ngakhale mphunzitsi anang'ung'udza kuti kuchulidwa dzina sikumanga mudzi.

Anagula buku la masamu la ana a sukulu, nalemba maina 30, ndipo bukulo limakhala m'kanyumba kometera, pansi pa galasi, pamene aliyense angalitsegule. A ku Johannesburg amatumiziridwa cithunzi ca tsamba mwezi ukatha. Mwa asanu amene anacoka, anai anabwerera pamodzi ndi wa ku Kanyama. Wacisanu anali atapeza kale gulu lina la ku Kitwe. Cilimba cinayambanso, koma anagwirizana kuti wometayo, amene anayenera kulandira poyamba, alandire potsiriza. Makina a batire anawagula patapita milungu khumi.

Mwezi wotsatira, mnyamata wa ku George anagonanso tsiku limodzi, ndipo omthandiza a mtsogoleri anamcotsera mapointi awiri monga mwa lamulo. Madzulo anafika ku Chawama nkhope ili gwa.

“Malume, mwalola kuti anthu andicititse manyazi?”

“Mphwanga, buku ndi ilo pansi pa galasi. Tsegula uone ngati alakwitsa kuwerenga.”

Mnyamatayo sanalitsegule. Patapita masiku awiri, mlongo wace wa wometayo anaimba lamya kucokera ku Katete, kufunsa kuti ndi malume wotani amene amaika buku patsogolo pa mwana wa mlongo wace. Anayesa kufotokoza za nyenyezi ndi mapointi, koma maiyo anadula lamya asanatsirize. Mnyamatayo sanacoke m'gulu, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonyenso nkhondo; m'mwezi wacitatu analandira mphoto yace mwa mapointi ace. Koma tsitsi lace amakametetsa kwa munthu wina wa ku George, ndipo akakumana ndi malume ace pa maliro kapena pa ukwati, amapereka moni wa ulemu ndi manja awiri, nakakhala ku mbali ina.