Ulendo wa ku Beira

Nchito yokolola ikatha, mipando ina m'kalasi mwathu imakhala yopanda anthu. Ife aphunzitsi a sukulu ya akulu timadziwa kumene apita. Apita kukaona ana awo. Ana ambiri a kuno ku Angónia akugwira nchito kutali: ena ku migodi ya malasha ku Moatize, ena ku Tete, ena ku doko la Beira.

Wina angafunse kuti, kodi foni palibe? Ilipo. Koma mwana pa foni amangoti, "Tili bwino, amayi." Foni siionetsa ngati mwana waonda. Siionetsa ngati m'nyumba muli ufa. Makolo amafuna kudzionera okha.

Caka catha mmodzi wa ophunzira athu, mayi acikulire, anaganiza zopita ku Beira kwa mwana wawo wamwamuna. Panali patapita zaka zinayi asanamuone. Tinakonzekera nawo ulendowo m'kalasi. Pa bolodi tinalemba maina a malo a m'njira: Ulongwe, Moatize, Tete, Changara, Guro, Catandica, Chimoio, Inchope, Beira. Kalasi yonse inawerenga mokweza. Dzina la Catandica linativuta. Cilembo ca C m'dzinali cimamveka ngati K, osati monga m'mawu akuti cimanga. Mayiwo anakopera maina onse m'kope lawo, pamodzi ndi nambala ya foni ya mwanayo.

Anamanga thumba la ufa woyera, nyemba, mbatata ya kacewere ndi nkhuku imodzi yamoyo. Tinawauza kuti ku Beira ufa amagulitsa. Anatiseka. Kwa mwana sapita cimanjamanja.

Ulendowu ndi wautali. Kucokera ku Tete kokha kukafika ku Beira pali makilomita pafupifupi 600. Akulu amatiuza kuti m'zaka za m'ma 1980 munthu sankayenda popanda cikalata ca guia de marcha. Nkhondo isanathe mu 1992, magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali akuwaperekeza. Makolo ena anamwalira osaona khomo la ana awo. Mayi athuwa anangokwera basi.

Ataoloka Zambezi ku Tete anavula juzi, pakuti kumeneko kumatentha, si ngati kuno kwathu. Basi ikafika pa malo, ankawerenga cikwangwani ndi kuika cizindikiro m'kope. Njira yonse sanafunse munthu kuti, "Kodi pano ndi pati?" Pofotokoza zimenezi m'kalasi anabwereza kawiri.

Mwana wawo anawacingamira napita nawo ku Munhava, kumene amakhala. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri. Malata anali atsopano koma zipupa zakale. Atafunsa, mwanayo anaulula kuti mphepo yamkuntho ya Idai inasasula denga mu 2019, ndipo banja linagona m'sukulu masiku angapo. Nthawi yonseyi anali asanawauze. Mayiwo sanamukalipire. Anangokhala cete mpaka madzulo.

Mpongozi wawo ndi Msena. Anawalandira mogwada, nawapatsa madzi osamba. Cisena ndi Cinyanja sizitalikirana kwambiri, motero ankamvana pang'onopang'ono. Vuto linali adzukulu. Anawa amalankhula Cipwitikizi kunyumba ndi kusukulu komwe. Mdzukulu wamkulu, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankawaitana kuti "vovó". Iwo akamuyankha m'Cinyanja, ankathawira kumbuyo kwa amake.

Masiku atatu anangokhala pakhonde. Kulibe munda, kulibe nkhuni zokatola. Makala ndi ogula, madzi ndi ogula, ngakhale masamba a maungu ndi ogula. Akagwira tsache, mwana wawo ankati, "Pumulani, amayi, ndinu alendo." Iye ankanena mwaulemu. Koma ife tiona kuti ana a m'tauni amalakwitsa pamenepa. Mayi amene wagwira khasu moyo wake wonse, ukamuletsa nchito, wamuuza kuti pakhomopo si pake. Anayamba kuganiza zobwerera.

Tsiku lacinayi mdzukulu uja anakhala pamkeka akulemba nchito ya kusukulu. Agogo ake anatulutsa kope lawo nakhala pambali pake. Analemba pang'onopang'ono: agogo. Kenaka anadziloza pacifuwa. Mtsikanayo anayang'ana, nawerenga cilembo cimodzicimodzi, ndipo anachula bwino. Anatenga pensulo, naloza nkhuku ija imene inamangidwa pamtengo, nalemba: galinha. Agogo analemba pambali pake: nkhuku. Cilembo ca H pambuyo pa K cinamudabwitsa mwanayo. Agogo anamugwira dzanja naliika pakamwa pawo kuti amve mpweya, monga timacitira m'kalasi.

Kuyambira pamenepo madzulo alionse ankakhala awiriwo pamkeka. Madzi, água. Moto, fogo. Mcere, sal. Tsiku la Sabata banja lonse linapita kunyanja, ndipo mayiwo analawa madzi ake kuti atsimikize kuti ndi amcere.

Anakhala milungu itatu. Anabwerera cifukwa nthawi yososa m'munda inali itakwana. Anabwera ndi nsomba zouma, citenje cocokera kwa mpongozi wawo, ndi kope lija. Masamba atatu ndi odzaza mawu, kumanzere dzanja la agogo, kumanja dzanja la mdzukulu. Tawakopera pa bolodi, ndipo kalasi ikuwawerenga. Pa mawu akuti nkhokwe, kumanja palibe kanthu. Mtsikanayo sanaionepo nkhokwe.