Nyanja Imene Inasowa m'Kaseti ya Bambo

Kwathu ndi ku Senga Bay m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga. Bambo anga anali msodzi wa usipa. Atamwalira anatisiyira bwato lakale, wailesi ya kaseti ya masipika awiri ndi katoni ya makaseti. M'katonimo munali nyimbo za Allan Namoko, Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka, Lucius Banda komanso Evison Matafale. Koma panali kaseti imodzi yopanda dzina imene Amayi ankaisunga padera, yokulunga m'kansalu. Imeneyi Bambo anaijambula okha ali pakhonde, akusoka ukonde ndi anzawo awiri, kwinaku akuimba nyimbo zimene asodzi amaimba pokoka khoka.

Kaseti siikhalitsa kunyanja. Kutentha ndi chinyezi zimafooketsa tepi, ndipo mchenga umene umabwera ndi mwera umalowa paliponse. Tsiku lina wailesi inatafuna tepi ija. Ndinaisolola pang'onopang'ono n'kuikulunganso ndi bolopeni, manja akunjenjemera. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti tsiku lina mawu a Bambo adzatithera m'manja tikuona.

Ndili patchuthi ndinapita nayo ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, kwa mnyamata wina wobena nyimbo. Iye anaisamutsira pakompyuta ndipo anandiuza monyadira kuti wachotsa phokoso lonse, komanso waichepetsa kuti ndizitha kutumizira abale pa WhatsApp. Ndinabwerera kumudzi ndikudziona ngati ndapha njovu.

Madzulo tinakhala pamkeka ndipo ndinaiika pafoni. Amayi anamvetsera mpaka nyimbo yoyamba inatha. Kenaka anandifunsa kuti, "Kodi nyanja yapita kuti, mwanawe?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinawafotokozera kuti mawuwo tsopano ndi oyera ndipo sakuchitanso phokoso. Iwo anapukusa mutu. "Awa akuimba ngati ali m'chigubu. Si bambo ako awa."

Ndinakhumudwa, chifukwa ndinali nditawononga ndalama ya ulendo ndi yolipira mnyamata uja. Komabe nditaikanso kaseti m'wailesi ndinamva zimene poyamba sindinkazilabadira. Kuseri kwa nyimboyo kunali mafunde akuswa pamchenga, tambala akulira, ndi Amayi eniake akuseka chapatali. Pafoni paja mafunde anali atatheratu, ndipo kuseka kuja kunkangomveka ngati madzi akuwira m'mphika. Chinalidi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nditabwerera kusukulu ndinafufuza chimene chinachitika. Kuti mawu alowe m'kompyuta, pamafunika kachipangizo kamene kamawayeza n'kuwasandutsa manambala. Pa muyezo wa CD, imene makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, mawu amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo mphindi imodzi imadya malo okwana pafupifupi ma MB 10. Njira ya MP3, imene inakonzedwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, imachepetsa fayilo potaya mbali za mawu zimene akuganiza kuti khutu silingazimve. CD imanyamula ma kbps 1,411, pamene MP3 ya 128 imangosunga gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 11 a manambalawo. Fayilo imene ndinapatsidwa ine inali ya 64. Kuwonjezera apo, pulogalamu yochotsa phokoso siitha kusiyanitsa bwino kulira kwa tepi ndi kulira kwa mafunde, popeza zimafanana. Choncho inasesa zonse pamodzi. Ndipo zimene zatayidwa sizibwereranso. Usipa ukauma pathandala, ngakhale uuviike m'madzi tsiku lonse, sungakhalenso wauwisi.

Patchuthi chotsatira ndinabwereka kabokosi kojambulira mawu kwa mnzanga wa kwaya, kamene amakalumikiza pakompyuta ndi chingwe cha USB. Ndinapukuta mutu wa wailesi ndi thonje lonyowetsa m'sipiriti, n'kusamutsa kasetiyo m'njira ya WAV imene siitaya kanthu. Sindinachotse phokoso lililonse. Kuchokera pa fayilo imeneyi ndinapanga zina: ya FLAC, imene imachepetsa kukula popanda kutaya mawu, ndi za MP3 za 320, 128 ndi 64.

Kenaka tinachita mayeso apakhomo. Tinalumikiza kompyuta ku wailesi ya Bambo kudzera pabowo lakumbuyo lolowetsera mawu. Mchemwali wanga ankasankha fayilo mobisa, ife titatembenukira kukhoma. Palibe anatha kusiyanitsa WAV, FLAC ndi MP3 ya 320, ngakhale ine amene ndinkadzitama kuti ndili ndi khutu. Ya 128 Amayi ankaizindikira nthawi zina, makamaka mafunde akamveka kwambiri. Ya 64 ankaigwira nthawi zonse nyimbo isanafike pakati.

Tinayesanso tizipangizo tobweza manambala kukhala mawu, timene akatswiri amatitcha DAC. Foni ili ndi kake, kompyuta ili ndi kake, ndipo kabokosi kobwereka kaja kanali ndi kake. Ndinkayembekezera kusiyana kwakukulu, koma kunali kochepa. Kompyuta inkalira ngati njuchi ikakhala pamagetsi, pamene kabokosi kanali chete. Titazula chingwe cha magetsi, zitatu zonsezi zinkamveka pafupifupi chimodzimodzi. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi sipika. Pa kasipika ka foni, mawu a besi a mnzawo wa Bambo ankasoweratu, koma pa masipika a wailesi yakale ankamveka mpaka m'chifuwa.

Mayesowa anandiphunzitsa kuika zinthu m'ndondomeko yake. Choyamba ndi kusamutsa koyamba, chifukwa cholakwika cha pamenepo sichikonzeka. Chachiwiri ndi sipika. Mtundu wa fayilo umabwera pachitatu, malinga usatsike kwambiri, ndipo DAC ndiye wotsiriza. Ndikanangomvera otsatsa malonda, ndikanayamba ndi kugula chotsirizachi.

Ife ophunzira zilankhulo timatumidwa kumidzi kukajambula nthano, miyambi ndi nyimbo kwa agogo athu. Ambiri timajambula mwachangu, n'kutumizirana pa WhatsApp, kenaka n'kufufuta fayilo yoyamba kuti foni ipeze malo. Chichewa ndi chilankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Kupuma kwa wokamba nthano, kuvomera kwa omvera ndi kulira kwa mtondo chapafupi ndi mbali ya zimene tikusunga. Agogo amene tawajambula lero mwina chaka chamawa sitidzawapeza kuti atibwerezere. Tisunge fayilo yoyamba monga ilili, ndipo zing'onozing'ono zotumizirana tizipanga kuchokera pa imeneyo.

Fayilo ya WAV ija ndinaisunga m'malo atatu, ndipo kaseti inabwerera m'kansalu kake. Usiku umene tinamaliza mayeso, nyali za asodzi zitayamba kuoneka cha ku Namalenje, Amayi anandipempha kuti ndiikenso nyimbo yoyamba pawailesi. Mafunde atamveka anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, tsiku limeneli kunali mwera. Ndi chifukwa chake sanapite kunyanja."