Kompyuta ikayamba kulamula geni, ndani amailamula?

Abale anzanga a ku Senga Bay, achimwene anga amagula usipa ndi utaka pa doko la Nguwo n'kumatumiza ku Lilongwe. Geni imeneyi inayamba ndi kope la sukulu ndi bolopeni. Lero kuli mathandala ambiri, anyamata ogula m'madoko angapo, galimoto ya hayala, ndipo mphwathu wina anawakonzera Excel pa laputopu. Ukalembamo mtengo wa chigoba pa doko, mtengo wa petulo, ndi mtengo umene amayi a mumsika ku Lilongwe atumiza pa WhatsApp, imakuuza zigoba zoti ugule tsikulo, kapena kuti usagule n'komwe. Mwanayo ndi wanzeru, ndinamuyamikira. Koma nditafunsa kuti amene amaloledwa kusintha manambalawo ndani, anandiyankha kuti aliyense amene wakhala pafupi ndi laputopu ikatsegulidwa.

Kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito mosungira katundu pa kampani ina yogulitsa zakudya za mufiriji. Nafenso tili ndi sisitimu yotiuza makatoni oti tiwode. Anzathu okhalitsa amati nayo inayamba ngati Excel ya manejala mmodzi. Nthambi zitachuluka, nthambi iliyonse inakopera yake n'kuisintha mmene ikufunira, mpaka pamsonkhano mabwana ankangokangana kuti nambala yoona ndi ya ndani. Apa m'pamene anaika malamulo. Sisitimu ili ndi mwini wake wodziwika ndi dzina. Wofuna kusintha kawerengedwe amapempha, ndipo amayamba ayesa pa malonda a miyezi yapita kuti aone ngati zikuyenda. Ukakana zimene kompyuta yanena umaloledwa, koma umalemba dzina lako ndi chifukwa. Mwezi ukatha amakhala pansi n'kuona pamene makina anaphonya ndi pamene munthu anaphonya.

Musaganize kuti kuno zonse ndi zokoma. Mu 2023, magetsi a Eskom akuzima maola ambiri pa tsiku, makasitomala athu ang'onoang'ono anachepetsa kugula chifukwa mafiriji awo sankagwira, koma sisitimu inkangowodabe ngati kale. Mamanejala achinyamata ankaona, koma ankaopa kulemba dzina lawo potsutsana ndi kompyuta. Kutsatira makina kulibe mlandu, kutsutsa n'kuphonya kuli nawo. Katundu anadzaza mpaka m'makonde.

Kwathu vutolo lili chozondoka. Palibe amene amaopa kutsutsa, koma palibenso chimalembedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mafuta mu Excel ija unatsala wakale kwa kanthawi ndithu, ndipo laputopu inkasonyeza phindu pa ulendo umene unalibe phindu. Pasiwedi anali nayo mphwathu yekha, iyeyo ali ku sukulu. Komanso Excel sidziwa zimene siginala, woyatsa nyali pa usodzi, amadziwa: kuti mwezi ukawala usipa sutsatira nyali, kuti mwera ukauka mu June ndi July alovi salowa m'madzi ndipo chigoba chimakwera mtengo usiku umodzi. Achimwene amazidziwa zimenezi, amatsutsa kompyuta n'kukhoza. Koma poti salemba, mnyamata amene amutuma ku doko lina sadziwa tsiku lomvera laputopu ndi tsiku lomvera mphepo.

Palinso nkhani ya ngongole. Mu laputopumo muli maina ndi manambala a foni a amayi otenga nsomba pangongole, ndipo pali mzere wa "osabweza". Dzina likalowa mmenemo, mayiyo sapatsidwanso katundu, ngakhale atalipira pa Airtel Money kapena Mpamba wina n'kuiwala kulemba. Ku South Africa lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021, sililola kuti makina okha agamule nkhani zoterezi popanda munthu kupatsidwa mpata wodandaula. Nafe ku Malawi tili ndi Data Protection Act ya 2024, yoyang'aniridwa ndi MACRA. Ndikukayika ngati pa doko pali amene anaimvapo.

Achimwene amati izi ndi zachizungu. Ine ndimati ayi, tayang'anani ku Mbenji, m'boma lathu lomweli. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu Makanjira imatseka chilumbacho nyengo ya dzinja n'kutsegula cha mu April. Lamulo lili ndi mwini wake, komiti imayang'anira, wolakwa amadziwa kumene akayankhe, ndipo utaka wa kumeneko mukuudziwa kukula kwake. Nanga laputopu yogamula ndalama za banja lonse isoweranji mwini?

Ndawapempha zinthu zochepa. Wosintha mitengo akhale mmodzi, Lolemba lililonse. Pasiwedi ikhale ndi anthu awiri. Mayi asalembedwe kuti "osabweza" asanaimbiridwe foni. Kope lakale lija libwerere, likhale lolembamo tsiku limene atsutsa kompyuta ndi chifukwa chake. Zitatu zoyambazo avomera. Za kope akukana, akuti pa doko m'mamawa manja amakhala onyowa ndipo ogula anzawo sadikira munthu wolemba. Ndawauza kuti azitumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp, mlamu azikopera madzulo. Mlamu akuti atero, bola malipiro ake alowenso mu Excel.