Chitsime chimayankha chikatsekedwa

Ntchito yanga ndi kuyeza mmene mwala wa pansi pa nthaka umalolera mafuta kudutsa. Mafuta sakhala m'dziwe ayi. Amakhala m'timabowo ta mwala, ndipo m'mwala wina amalowerera ngati madzi pamchenga, mwina amangoima ngati padothi lamakande. Kulolera kumeneku timati permeability, ndipo muyeso wake ndi darcy, dzina la Henry Darcy amene mu 1856 ankayesa madzi odutsa mumchenga ku Dijon. Ife kawirikawiri timawerenga ma millidarcy.

Mwalawo uli makilomita angapo pansi, sitiuona. Timatsitsa kachipangizo koyeza pulesha, chitsime n'kutulutsa mafuta pa mlingo umodzi kwa kanthawi, kenako timatseka. Pulesha imayamba kukweranso, ndipo kakweredwe kakeko ndiko ndimawerenga.

Nambala zoyambirira sindizikhulupirira. Pamwamba tatseka, koma pansi mafuta amakhala akuthinanabe kulowa mu paipi, komanso matope obowolera chitsime amakhala atamata mwala wa m'mbali mwa chitsime. Ndimadikira. Katswiri wina dzina lake Horner anatipatsa njira yowerengera kakweredwe ka pulesha mu 1951, koma ine ndimadalira kwambiri mzere wa Bourdet wa mu 1983. Mzerewo ukagona chopingasa pa kompyuta, ndiye kuti tsopano ndikumva mwala weniweni, kutali ndi chitsime. Ukadzukanso n'kukagona pamwamba, kawiri kuposa poyamba, kutsogoloko kuli chipupa, mwala unaduka. Komabe nambala yotulukayo ndi permeability kuchulukitsa ndi kuchindikala kwa mwala. Mnzanga wa geology akaphonya mamita a kuchindikalako, nanenso ndaphonya.

Ena amati bwanji osangoyeza chibenthu cha mwala ku labu. Timayezadi, koma chibenthu chokwana m'dzanja sichinyamula ming'alu. Ku Ekofisk, munda wa mafuta wa ku North Sea umene unapezeka mu 1969, mwala wake ndi choko chothina kwambiri, koma zitsime zimatulutsa mafuta ambiri chifukwa amayenda m'ming'alu. Wolowetsa nambala za ku labu zokha mu kompyuta akanati mundawo ndi wosauka.

Mkangano wanga ndi mabwana ndi umodzi: chitsime chotseka sichibweretsa ndalama, ndiye amafuna titsegule msanga. Ndimawamvetsa. Koma akatsegula mzere usanagone, lipotilo ine sindisayina.